Chakudya Chozizira cha a Okada

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Kunalibe kamphepo, ndipo thukuta silinkauma pathupi. Anthu kwathu sakhulupirira ndikawauza kuti ku Toronto, kumene ndinaona chipale chofewa chikufika m'mawondo, kumatenthanso ngati ku Chikwawa mwezi wa Okutobala. Mawindo onse a mumsewu mwathu anali otsegula. Ndinkamva wailesi ya anthu a nyumba yoyandikana nafe ikuimba m'Chipwitikizi, fani ikulira m'chipinda cha pansi, ndi zitsulo za sitiritika, kasitima koyenda pakati pa msewu, zikukwekweta pokhota pa msewu wa Spadina. Ine ndinali kukhitchini, chiwaya chili pamoto, ndikukazinga anyezi. Ndinkaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, mtima uli m'malo, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikuchita chinthu chabwino.

Ndayambira pa chiwaya chimenecho chifukwa popanda icho sindingathe kufotokoza za apongozi anga ndi alamu anga a Feliya. Mkazi wanga anamwalira m'manja mwawo ine ndili kunja, ndipo sanandiuze kuti matenda akula. Ndinakhala nawo chakukhosi nthawi yaitali. Ana anga zimenezo amazidziwa. Chimene sadziwa ndi chimene ndikulembachi.

Ndisanapite kunja ndinkagwira ntchito m'chipatala cha mishoni kwathu ku Ntcheu, yosambitsa odwala ndi kuwatembenuza pabedi. Dokotala wina wa ku Canada amene tinkagwira naye ntchito, atabwerera kwawo, anandipezera malo m'nyumba yosungiramo okalamba ku Toronto. Mkazi wanga Nambewe ndinamusiya pamudzi pa amayi ake, pamodzi ndi ana athu awiri. Tinapangana zaka zitatu. Pondiperekeza pa siteji ya basi sanalire. Anangondikonzera kolala ya malaya n'kunena kuti, "Bambo a Tiyamike, makalata musakalembe m'Chizungu, ndilibe wondiwerengera. Ndipo mukayankhe zimene ndafunsa, osati kungolemba za nyengo." Makalata ake ankalemba yekha ndi pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanja. Envulopu ndinkaizindikira ndili patali.

Ku Toronto ndinapeza chipinda chapamwamba m'nyumba ya mkulu wina dzina lake a Okada. Anali a mtundu wa Chijapani, ngakhale anafika ku Canada ali mnyamata. Kale ankasodza nsomba kunyanja ya kumadzulo kwa dzikolo, koma nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anachotsedwa kumeneko ndi boma pamodzi ndi Ajapani anzawo, ndipo sanabwererekonso. Zimenezo ndinamva kwa mwana wawo, iwo sankazikamba. Akazi awo anali atamwalira kale. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wosalankhulalankhula. Tikakumana pamasitepe ankandiweramira, ine n'kuwomba m'manja mwachizolowezi, ndipo tonse tinkaona kuti tapatsana moni wokwanira. Ndinawakonda chifukwa ulemu wawo unkandikumbutsa kwathu.

M'chaka changa chachitatu anayamba kudwala kukhosi. Kuchipatala ankawaotcha pakhosipo ndi makina, ndipo kumeza kunayamba kuwavuta. Mwana wawo wamkazi, Keiko, ankakhala ku Markham, kunja kwa mzinda, ndipo ankabwera Lamulungu lokha. Popeza shifiti yanga inkayamba masana dzuwa litapendeka, anandipempha kuti ndiziwakonzera chakudya ndisanachoke. Anatsegula firiji n'kundionetsa chidebe cha madzi, m'katimo muli zinthu zoyera zingapo zooneka ngati sopo.

Ameneyo ndiye tofu. Amapangidwa kuchokera ku nyemba za soya. Ndi wofewa ngati chambiko cholimba, amasungidwa m'madzi, ndipo payekha alibe kukoma kwenikweni.

"Mungotulutsa mmodzi, mumudule panayi, muthire izi pamwamba," anatero Keiko, akundionetsa jinja, masamba a anyezi ndi botolo la msuzi wakuda wamchere umene iwo amati shoyu. "Basi. Osaphika."

"Osaphika?"

"Osaphika. Achoke mufiriji n'kupita pathebulo."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima sindinavomere. Kwathu wodwala sapatsidwa chozizira. Ngakhale madzi akumwa timayamba tawafunditsa. Chakudya chozizira ndi mkute, chotsala cha dzulo, ndipo kuika mkute patsogolo pa munthu wamkulu, wodwalanso, ndi kumuuza kuti watopa naye. Ndinaganiza kuti ana okulira kunja ndi otero, amangofuna zachangu. Ine amene anthu amati sindifulumira kuweruza, ndinamuweruza Keiko asanafike n'komwe pagalimoto yake.

M'mawa mwake ndinakazinga anyezi ndi tomato, ndinadulira tofu momwemo, ndinathira mchere ndi kakhale pang'ono. Ndinawapatsira nthunzi ikufuka. A Okada anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, kenako anaweramitsa mutu.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Koma wozizira ali bwino. Musavutike ndi moto."

"Ayi bambo, sikuvutika kumeneku."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Mkulu aliyense kwathu ukamuphera nkhuku amati musavutike, ndipo mwana woleredwa bwino saleka chifukwa cha mawuwo. Anadya masipuni awiri, anamwa madzi, n'kuvundikira mbale ndi sosala. Ine ndinati matenda awachotsera chilakolako.

Tsiku lililonse zinkatero. Iwo ankati wozizira ali bwino, ine ndinkati sikuvutika. Ndinachepetsa mchere. Ndinachotsa khale. Tsiku lina ndinamupota ngati phala. Masipuni anali awiri omwewo. Keiko akabwera Lamulungu ankaona kuti chidebe chatha, n'kudzazamo wina. Akafunsa kuti akudya, ine ndinkati pang'ono, ndipo bambo ake sankanena kanthu. Sakanandineneza ine mlendo wawo, munthu amene ndinkawaphikira mwa kufuna kwanga.

Mnzanga wapamtima kumeneko anali a Kachingwe, a ku Thyolo, amene ankagwira ntchito kochapira zovala m'chipatala china chachikulu. Ankavala mathalauza a belu amene kwathu anali oletsedwa, ndipo ankati akawavala mpaka pa Chileka kuti aone amene adzawadule. Titatuluka m'tchalitchi Lamulungu lina ndinawafotokozera za a Okada. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene, mwasanduka khuki wa Mjapani? Alamu akamva adzati munapitira zimenezo?"

"Munthu sakudya, a Kachingwe."

"Nanga iye akuti chiyani?"

"Akuti wozizira ali bwino."

"Ndiye mukuwesitiranji mafuta? Kuno munthu akati ayi, ndi ayi. Ine nditangofika, bwana wanga anandiitana kunyumba kwake. Anandipatsa nyama, ndinakana mwaulemu kuti andikakamize. Mayi wa panyumbapo anangoti okei, n'kuichotsa. Ndinabwerera m'mimba mukulira ngati ng'oma, ndikumwetulira."

"Amenewo ndi Azungu," ndinatero. "Awa ulemu wawo ndi ngati wathu."

"Chabwino abusa, inu ndi amene mumadziwa mitima ya anthu."

Ndinasekerera nawo, ndipo Lolemba ndinaikanso chiwaya pamoto.

Tsiku lotentha lija linali la m'sabata yachitatu. Ndinaphika, ndinawapatsira, ndinatsanzika. Nditafika pokwerera sitiritika ndinakumbukira kuti ndaiwala kiyi wa kabati yanga ya kuntchito, ndipo ndinabwerera. Ndinapeza chitseko cha firiji chili chotsegula, madzi ali ponseponse, chidebe chitagubuduka. A Okada anali chigonere pansi chammbali, mwendo umodzi utapindika moipa. Tofu anali atasweka pafupi ndi dzanja lawo. Mbale yanga inali pathebulo, yovundikira bwinobwino ndi sosala.

Ndinagwada pambali pawo. Anandiyang'ana.

"Pepani," anatero. "Ndadetsa pansi."

"Bambo, mumatani?"

"Njala."

Ananena mawu amodzi okhawo. Anali atadikira kuti ndichoke, kuti ndisaone kuti chakudya changa sakuchifuna. Chidebe chinawalemera, madzi anatayika, anaterereka. Fupa la m'chiuno linathyoka.

Keiko anandipeza m'khonde la kuchipatala. Sanakweze mawu.

"Ndinakuuzani chiyani?"

"Munati osaphika."

"Ndiye?"

"Kwathu wodwala..."

"Kuno si kwanu. Khosi lawo ndi chilonda chokhachokha. Chotentha chimawaotcha, tomato amawaluma. Ndi chinthu chimodzi chokha chimene chimatsika bwino, ndipo anakuuzani." Anandiyang'ana m'maso. "Inu mumagwira ntchito ya odwala."

Mawu otsirizawo ndimawamvabe. Zaka zonse zimene ndinasambitsa ndi kudyetsa odwala, ndinkadziwa kuti munthu akasiya chakudya umafunsa chimene chikumupweteka. A Okada sindinawafunse. Ndinkaganiza kuti yankho ndikulidziwa kale.

Ndinatha masiku anayi osapita kukawaona, chifukwa cha manyazi. Tsiku lachisanu ndinapita. Anali atachepa pabedi lija ngati mwana. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Chakudya cha muno n'chotentha," ananong'ona. "Mawa mubweretse. Ndikuphunzitsani."

Anandiphunzitsa ali chigonere, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Tofu mukagule wa tsiku lomwelo, pasitolo ya Atchaina ya pa Spadina, pamene amamusunga m'ndowa. Mukafika kunyumba mumuike m'madzi atsopano, muponyemo ayisi. Pomutulutsa musamutsine ndi zala, mulowetse dzanja pansi pake ngati mukunyamula mwanapiye. Mumukhazike pansalu yoyera kuti madzi atsike, koma osamufinya. Mpeni udutse kawiri basi. Jinja mumupale mpaka akhale ngati phala, masamba a anyezi muwadule mopyapyala. M'kabati ya kukhitchini muli nsomba youma yolimba ngati mtengo, ndi kabokosi kokhala ndi mpeni pamwamba, ngati puleni ya kalipentala. Mupale nsombayo pakabokosipo, mutenge zopalazo zodzaza zala zitatu. Shoyu musathire kunyumba, athiridwe pamene munthu wagwira kale zodyera, ndipo akhale wochepa. Dzina la chakudyacho anati ndi hiyayako.

"Palibe china?" ndinafunsa.

"Palibe."

"N'chosavuta."

"Kwa inu n'chovuta," anatero, maso akuseka. "Manja anu sakonda kuleka."

M'mawa mwake ndinachita zonse monga ananenera. Ndili kukhitchini dzanja langa linapita lokha kukagwira chiwaya, ndipo ndinachita kulibweza. Ndinaika mbale m'chitini, ndinazunguliza ayisi, ndinakulunga thaulo, n'kukwera sitiritika nditachifukata pamiyendo, madzi akudontha pathalauza. Mayi wina amene ndinakhala naye pampando anasuntha.

A Okada anayang'ana mbaleyo monga anayang'anira ija yoyamba. Kenako anatenga timitengo tawo todyera, anadula kachidutswa, anameza. Anatseka maso. Anadya zidutswa zitatu, mosafulumira. Chachinayi anandikankhira. Ndinalawa. Chinali chozizira mpaka m'chifuwa, jinja akuluma pang'ono, mchere uli patali. Sindinganame kuti ndinachikonda tsiku limenelo. Koma ndinamvetsa kuti pakhosi pa moto chinthu chimenechi chinali ngati mvula.

"Mkazi wanga nayenso sankamva," anatero akupukuta pakamwa. "Zaka makumi anayi ankathira shoyu wambiri."

Za kugwa kuja sanazitchulepo mpaka imfa yawo. Ndinawapititsira tofu tsiku lililonse kufikira pamene ngakhale ameneyo analeka kutsika. Kunyumba kwawo sanabwererenso. Anamwalira masamba a mitengo atayamba kufiira. Dokotala anati chinawapha ndi khosi, osati chiuno. Mwina ndi zoona. Koma masabata atatu a njala aja, ndi miyezi yogona m'chipatala m'malo mokhala pakhonde pawo n'kumayang'ana maluwa awo, ndinawapatsa ndine. Pamaliro Keiko anandigwira dzanja, ndipo anandipatsa kabokosi kopalira nsomba kaja. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kukhululuka kapena ankangochotsa katundu m'nyumba. Sindinafunse.

M'nyengo yomweyo makalata a pensulo analeka kubwera. M'malo mwake inabwera envulopu ya bolopeni, yolembedwa ndi alamu anga a Feliya, akulu ake a Nambewe. Analemba kuti, "Kuno tonse tili bwino. Make Tiyamike akumva m'thupi pang'ono, n'chifukwa chake ndalemba ndine." Makalata otero anabwera atatu, onse akuti pang'ono. Ndinayankha kuti apite naye kuchipatala, ndinatumiza bulangeti ndi juzi. Zaka zitatu zimene tinapangana zinali pafupi kutha, ndipo ndinadziuza kuti ndingomaliza.

Telegalamu inafika chipale chofewa chitagwa kale. Inati, "Bwerani msanga Nambewe wadwala kwambiri." Ndinapita nayo kwa a Kachingwe. Anawerenga, anavula chipewa, anandikhazika pampando. Tsiku limenelo sanaseke. Tonse tinkadziwa kuti kwathu munthu wakutali sauzidwa za maliro papepala.

Pamene ndinkafika pamudzi, mvula inali itagwa kale pamanda kangapo, dothi litakhazikika. Ndinamva kuti anadwala miyezi isanu. Miyezi isanu, ine ndikutumiza juzi. Sindinakalipire munthu, si khalidwe langa. Ndinatenga ana anga n'kubwerera ku ntchito yanga yakale ya kumishoni. Apongozi anatumiza nkhuku, ndinaibweza. Ana ndinkawalola kupita kwa agogo awo pa holide, koma ine ndinkawasiya pa siteji. Ndipo ndinaleka kudya Mgonero, chifukwa sindikanapita kugome la Ambuye ndili ndi chakukhosi chotere, komanso sindinkafuna kuchitaya. Abusa anandiitana kawiri. Ndinawauza kuti ndikupempherera nkhaniyi, ndipo sizinali zoona kwenikweni.

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo, ndinapeza a Feliya atakhala pansi pakhonde panga, mapazi ali fumbi lokhalokha. Anayenda wapansi kuchokera kumudzi. Mlendo ndi mlendo, ndinalowa m'nyumba n'kuwatungira madzi mumtsuko. Analandira kapu ndi manja awiri, koma sanamwe. Anangoigwira, misozi ikutsika.

"Alamu, madzi awa ndi amene ankapempha."

Ndinadziwa kuti akunena Nambewe.

"M'kamwa mwake munali zilonda, thupi lili moto. Ankati, achemwali, kakapu kamodzi ka mumtsuko. Ife tinkafunditsa. Amayi ankati ozizira amubweretsera chibayo, nanenso ndinkatero. Phala ankati tilisiye lizizire, ife tinkati wodwala sadya mkute. Atayamba kukwawira kumtsuko tinausamutsira kunyumba kwa amayi. Mpaka tsiku lomaliza, alamu. Madzi chabe."

"Nanga kalata?" ndinafunsa. Linali funso limene ndinalisunga zaka ziwiri.

"Anatiuza kuti tikulembereni zonse. Ife tinati achira, tisakusokonezeni pantchito kutali konseko. Tinalemba kuti pang'ono." Anakweza maso. "Koma tinalemba katatu. Tinkayesa mumva. Si ndinu wakonkuno?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pakhonde langa lomwe. Ndine wakonkuno. Ndinakulira m'chinenero chimene munthu amene ali pafupi kufa timati akumva m'thupi pang'ono. Ndinaona kuti zilembo za pensulo zasowa, ndipo ndinkadziwa kuti Nambewe sangapatse munthu wina cholembera ngati dzanja lake likugwira. A Okada anandiuza mawu olunjika, ine ndinawamva ngati ulemu wa kwathu. Abale anga anandiuza mwa ulemu wa kwathu, ine ndinawamva ngati mawu olunjika a ku Canada. Konse kuwiri ndinasankha kumva chimene sichikanandisuntha pamene ndinaima.

Ndinayesa kuwafotokozera a Feliya za mkulu wa ku Toronto uja, za chiwaya ndi chidebe. Sanamvetse kuti nyemba zingasanduke bwanji chinthu chodula ndi mpeni, ndipo ndinaleka kufotokoza za nyembazo. Koma nditafika poti anali chigonere pansi n'kunena kuti njala, anagwira pakamwa.

"Inunso, alamu?"

"Inenso. Imwani madziwo, afunda."

Anamwa. Ndinawatungira ena.

Loweruka lotsatira ndinapita kumudzi. Apongozi anali atakalamba kwambiri m'zaka ziwiri zimenezo. Anakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, ine chapatali monga mkamwini, aliyense akuyang'ana kwake. Tinapatsana moni wautali, wa ana, wa mvula, wa mbuzi. Za Nambewe sitinakambe. Pochoka anatuma a Feliya kuti andigwirire nkhuku, ndipo ndinailandira. M'mawa mwake ndinapita kugome la Ambuye.

Kabokosi ka a Okada ndikali nako, ngakhale kuno kulibe nsomba yopalapo. Odwala anga akapempha madzi ozizira ndimawapatsa, anamwino achikulire akandiyang'ana ndimangoyang'ana kumbali. Za mlandu wanga, wa mkulu uja ndi wa mkazi wanga, amene akanandimasula onse anapita, ndipo ndimangoupereka kwa Mulungu m'mawa uliwonse. Koma apongozi anga ndi alamu anga ndinawakhululukira.